Mmene Ndinapengera pa Njinga ya Alamu ku Chitipa

Nkhani iyi sindiikonda, koma ana a achemwali anga aikamba kale mokhotetsa m'maukwati ndi m'maliro momwe, ndiye bola ndiikambe ndekha mwini wake. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kumangitsa alamu anga, bambo wa ana anayi, munthu wofatsa amene sanabepo ndi nkhuku yomwe. Masiku amenewo kumangidwa sikunali kwa lero, koti mawa wachibale akubweretsera chakudya. Munthu ankakwezedwa galimoto, basi, otsala n'kusiya kumutchula dzina. Alamu anga phazi limodzi linali litakwera kale galimoto imeneyo, chifukwa cha ine ndi belu la njinga.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ine nditangomaliza Fomu 4 kwathu ku Ntcheu. Alamuwo, amuna a achemwali anga aakulu, ankagwira ntchito ya zaumoyo pa boma la Chitipa, yoyendera zitsime ndi zimbudzi m'midzi. Analemba kalata kuti kwapezeka mpata wa ukalaliki, ndibwere msanga wina asanautenge. Ndinanyamuka pa 26 Febuluwale, mvula ili pakati. Ulendo wa masiku awiri unanditengera asanu. Kuchokera ku Karonga tinakwera lole imene inkangotitimira m'matope, ife n'kutsika, kuikankha, kukweranso, moti mpaka lero sindidziwa kuti ananyamula mnzake ndani. Ndinafika madzulo ndili matope mpaka m'makutu, ndinasamba, kudya, n'kugwa pamphasa ngati thumba la chimanga. Ndisanagone ndinawerenga masiku aja pazala, ndinapeza kuti mawa lake ndi pa 1 Malichi.

Tsono ndiulule matenda amene ndinali nawo. Patchuthi china ndinagwirapo ganyu yotsuka mbale pa hotela ina ku Salima, ndipo kumeneko ndinaona azungu odzaona malo. Akangofika, m'mawa mwake ankabwereka njinga, kuvala malaya amaluwamaluwa ndi magalasi akuda, n'kumazungulira tauni yonse akubayibitsa aliyense ngati abale awo. Ine zimenezo zinandilowa m'mutu. Ndinagula malaya otero pa kaunjika, magalasi ndinachita kutola (galasi limodzi linali long'aluka, koma wakutali sakanadziwa), ndipo ndinalumbira kuti tsiku limene ndidzafike malo achilendo, nanenso ndidzawaona mwaulemu wake.

Ndinadzuka dzuwa litakwera. M'nyumba munali zii. Achemwali kulibe, alamu kulibe, ana onse anayi kulibe. Patebulo anandisiyira mbatata zovundikira ndi tiyi wozizira kale. Ndinaganiza kuti andimvera chisoni kuti ndipume, ndipo ndinawayamika mumtima.

Njinga inali pakhonde la kuseri. Yakuda, yayitali, yopukutidwa mpaka masipoko, ndipo pa chotchinga matope chakumbuyo panalembedwa nambala ndi penti yoyera, chifukwa inali ya boma. Achemwali anali atandiuza kale m'kalata zawo kuti njinga imeneyo alamu salola ndi iwo omwe kuikhudza, ndiponso kuti kuchokera ku Misuku mpaka kuphiri la Mafinga palibe wosaidziwa. Pawindo panali timphira tinayi ta mabuleki. Ndinationa ndithu, koma ndinangoti alamuwa ndi munthu wosamala, amasunga ndi tapadera tomwe.

Ndinavala malaya anga amaluwa, kukoleka magalasi, n'kukwera.

Poyamba zinali bwino. Mphepo ya kumeneko ndi yozizirira, chimanga chinali chitamasula mbali zonse ziwiri za msewu, ndipo kutali mapiri ankaoneka obiriwira mitambo itawakhalira pamutu. Ndinayamba kuimba likhweru. Ndinadutsa mzere wa nyumba za ogwira ntchito m'boma ndikuyang'ana woti ndimubayibitse. Zitseko zonse zinali zotseka. Panalibe chovala ndi chimodzi chomwe pachingwe, panalibe wosinja, wosesa, kapena mwana wosewera pabwalo. Pa nyumba ina nsalu ya pawindo inagwedezeka, ndinaona maso awiri. Ndinakweza dzanja mwachizungu muja. Nsalu ija inabwerera pang'onopang'ono.

Ndinati anthu akuno ndi amanyazi, ndikawapeza kumsika.

Kumsika ndi kumene likhweru linayamba kundiuma. Mabenchi onse anali mbee, opanda ndi phwetekere mmodzi yemwe. Chiguduli china chinkakupiza pamtengo. Galu woonda anali atagona pakati pa njira, anandiyang'ana osauwa, osadzukanso. Dzuwa linali likuswa mtengo, nthawi imene msika uliwonse m'dziko muno umachita kuwira, koma ine ndinkamva kulira kwa tcheni changa chokha. Ndinaliza belu kuti ndione ngati kutuluke munthu. Linalira ngriii, malata a magolosale n'kundibwezera ngriii yemweyo.

Kenako ndinamva nyimbo. Inali yapansipansi, yachisoni, ikuchokera mkati mwa nyumba ina yotseka. Nditaipitirira nyumbayo nyimbo sinathe, inatulukira m'nyumba yotsatira, mawu omwewo, pamene inalekezera pomwepo. Nyumba yachitatu chimodzimodzi. Inkachita ngati ikundiperekeza. (Munthu wanzeru akanaima, kutchera khutu, n'kuzindikira kuti ndi wailesi, popeza nthawiyo tinali ndi siteshoni imodzi yokha. Ine ndinapalasa mwamphamvu kuti ndiithawe.) Ndinaganiza za kolera, kuti mwina wasesa tauni yonse usiku umodzi. Ndinaganizanso kuti mwina wamwalira munthu wamkulu kwambiri, wamkulu kuposa onse, koma ganizo limenelo ndinalithamangitsa msanga, chifukwa masiku amenewo munthu sunkakhulupirira ndi mutu wako womwe.

Munthu woyamba kumuona ndinamupeza pafupi ndi positi ofesi. Anali mkulu wachikulire, atavala jekete lakuda, atakhala pansi pa mtengo wa mango manja ali pamaondo, osagwedezeka. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaponda pansi n'kuima, ndipo ndinatulutsa moni yekhayo amene ndinaphunzira palole.

“Monire adada!”

Anangotsitsa dzanja lake pang'onopang'ono, kuloza pansi, n'kunong'ona milomo isakuyenda bwino.

“Khirani pa njinga, mwana wane. Tsikani. Lero yayi.”

“Bwanji, adada? Kwagwanji kuno? Anthu apita kuti?”

Mkulu uja sankayang'ana ine. Maso ake anali kumbuyo kwanga, atatong'oka. Ndinacheuka, msewu unali wopanda kanthu. Pamene ndinabwezanso nkhope, iye anali ataimirira kale akuzemba kuseri kwa positi ofesi, ndodo yake ataisiya pansi pomwepo.

Apa ndiye ndinaopa zenizeni. Kwathu ankatiopseza nazo nkhani za kumpoto, zoti kuli malo amene mlendo amafika masana n'kupeza kuti onse amene akuwaona ndi akufa. Ndinkaziseka nkhani zimenezo monga munthu wophunzira, koma tsiku limenelo Fomu 4 yonse inandithawa. Ndinakwera njinga, ndipo pofuna kudzilimbitsa mtima ndinayamba kuliza belu mosalekeza, kwinaku ndikuimba nyimbo ya chikwati mokweza. Ndinkati ngati kuli amoyo andimva.

Anandimvadi. Ndinamva mapazi kumbuyo, ndipo pocheuka ndinaona amuna atatu a malaya ofiira akundithamangitsa. Malayawo ndinawadziwa, anali anyamata a chipani, ndipo khadi langa la chipanicho linali m'thumba. Koma chimene chinandisokoneza ndi chakuti sankakuwa. Anyamata amenewo kwathu ankachita kumveka ali kutsidya kwa mtsinje. Awa ankathamanga pakamwa ali tsekee, wina akungondikodola ndi manja onse awiri, mapazi okha ali phaphapha m'matope. Munthu wamoyo akamakuthamangitsa amatukwana. Ndinawerama n'kupalasa ngati ndaba.

Msewu unakhotera kumanzere n'kuyamba kutsetsereka. Ndinagwira mabuleki. Zitsulo zinangoti kwee pa limu, njinga n'kuonjezera liwiro. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira timphira tija pawindo.

Kumunsi kwa chitsetserekocho kunali bwalo la mpira, ndipo pabwalopo panali Chitipa yense. Amayi mbali ina, abambo mbali ina, ana a sukulu m'mizere, onse atakhala pansi, mitu yoweramitsa, popanda ndi wotsokomola yemwe. Sindinaonepo anthu ochuluka chotero ali chete chotero. Ndinkapita molunjika pa iwo, ndipo chokhacho chimene ndinatsala nacho chinali belu. Ndinaliliza ndi mphamvu zanga zonse ndikukuwa, “Njira! Njira! Mabuleki palibe!”

Amayi anapatuka osalankhula, kukokera ana awo m'mbali. Ndinadutsa pakati pawo malaya akukupiza, ndinaphonya abusa amene anali chiimire Baibulo lili m'manja, n'kukagunda mwendo wa tebulo la akuluakulu. Ndinauluka pang'ono, n'kugwa chafufumimba pa udzu. Tayala lakumbuyo linapitiriza kuzungulira lokha, tiki tiki tiki, ndipo bwalo lonse linalimvetsera mpaka linaima.

Nditadzutsa mutu ndinaona mbendera ili pakati pa mtengo wake. Ndinaona nkhope ya achemwali pakati pa amayi, manja ali kukamwa. Ndipo ndinadziwa tsikulo. Linali la 3 Malichi.

Ana a masiku ano sangamvetse. Lero pa tsiku lokumbukira amene anafera dziko lino anthu amachapa, amapita kumpira, ena amalowa m'mabala. Nthawi imeneyo linali tsiku la maliro a dziko lonse. Sunkalima, sunkagulitsa, sunkaseka mokweza, sunkayendayenda. Unkapita kumapemphero kapena kukhala m'nyumba kumvera nyimbo zachisoni pawailesi. Wopezeka akusangalala ankatengedwa kuti akunyoza boma. Ine zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe, ndipo n'chifukwa chake ndinafulumira kuti ndione tauni tsikulo lisanafike. Achemwali sanandidzutse poganiza kuti palibe Mmalawi wofunika kumuuza.

Amene anaimirira kutebulo anali a tcheyamani a chipani, mkulu wamfupi wa imvi, wakomweko. Pambali pawo panali munthu wina wa suti yotuwa, wosakhala wakumeneko, amene sanaimirire. Anangotulutsa kabuku m'thumba, n'kuvundukula cholembera. Kuseri kwa mpanda kunali kutaima galimoto.

“Njinga iyi nja njani? Ndi ya ndani?” anafunsa a tcheyamani, ngakhale nambala inali poyera ndipo bwalo lonse linkadziwa.

Alamu anaimirira pakati pa abambo. “Ndi ya kuntchito kwanga, bambo.”

“Ndiye kuti munamubwereka,” anatero wa suti uja, mawu ake ofewa ngati akufunsa za mvula. “Njinga ya boma, tsiku la lero, kuti adzaimbe nyimbo za chikwati.” Analemba kanthu.

A tcheyamani anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, “Mnyamata iwe, mutu wako uli makora? Uli bwinobwino?”

“Uli bwino kwambiri, bwana,” ndinayankha ndikusasa udzu pamalaya. “Ndinakhoza Fomu 4.”

Anatseka maso pang'ono. “Ndikufunsanso. Sudwaladwala iwe? Mutu sukuzungulira nyengo zina?”

“Ayi bwana, chibadwire sindinagonepo m'chipatala. Ine ndimangoona malo.”

Apo achemwali anatulukira akukwawa ndi maondo mpaka patsogolo pa tebulo. “Pepani bambo, mwanayu ndi mlongo wanga, ndi wodwala. Zinamuyamba chaka chatha atalemba mayeso. Tamuitanitsa kuti tikamuonetse kwa asing'anga ku Misuku. Tinamutsekera m'nyumba, wathyola chitseko.”

“Achemwali, bodza limenelo!” ndinatero ine, chitsiru cha munthu. “Chitseko chinali chosakhoma!”

Ananditsina pa ntchafu mpaka ndinaona nyenyezi. A tcheyamani anapukuta thukuta pamphumi, ngakhale kunali mphepo.

“Kachitatu, mwana wane. Tiuze, mayiro linali tsiku lanji? Dzulo.”

Ndinawerenganso pazala monga ndinachitira usiku uja, mokweza kuti aone kuti masamu ndimawatha. “Ndinanyamuka pa 26. Ndiye 27, 28, 29. Dzulo panali pa 30 Febuluwale, bwana.”

Nditangotula mawuwo ndinamva ndekha chimene ndanena. Fomu 4 yonse ija, mwezi wa Febuluwale ndinaupatsa masiku awiri aulere. M'gulu muja munadutsa kaphokoso ngati mphepo m'chimanga, n'kuzima.

“Mwapulika?” a tcheyamani anatembenukira kwa wa suti. “Mwamva nokha.”

“Ndamva,” anatero iye osakweza mutu. “Koma wamisala amene amadziwa kusankha njinga ya boma, kuvala magalasi, n'kulunjika pa tebulo lino, ine sindinamuone. Bambo a zaumoyo, tabwerani kuno.”

Alamu anayenda kubwera kutsogolo. Atafika pamene anagwada achemwali anaima, anamasula wotchi yawo pamkono, n'kuiika m'manja mwa akazi awo. Anatulutsanso makiyi a nyumba n'kuwapatsa. Achemwali analandira osalira, anangofumbata. Mwana wawo wamng'ono, amene anali kumsana, ankasewera ndi lamba wa wotchiyo.

Pamenepo ndi pamene zinandilowa, mochedwa ngati mvula ya kumapeto. Munthu savula wotchi akamapita kukafunsidwa mafunso n'kubwerako. Ndinamva manyazi amene sindinawamveponso, ndi mantha osakhala a mizimu ayi. Ndipo ndinamvetsa chimene mkulu wa imvi uja ankandipempha katatu konse.

Ndinavula malaya anga amaluwa n'kuifunditsa njinga ija. Ndinagwada pambali pake n'kuyamba kuisisita chishalo. “Pepani amayi,” ndinatero mokweza, “mwapweteka? Ndinakuuzani kuti musathamange, mwakalamba.” Ndinazula udzu n'kuidyetsa pa belu. Itakana ndinadya ndekha, ndinatafuna ndithu n'kumeza. Ndinaimirira, kukupiza zigongono, n'kulira ngati tambala katatu. Kenako ndinapita kwa abusa n'kuwafunsa ngati basi ya ku Ntcheu yadutsa kale m'Baibulo lawolo.

Palibe anaseka. Anthu mazanamazana ankangondiyang'ana, maso ali gwaa, ena milomo ikunjenjemera, koma tsikulo kuseka kunali mlandu. Ndinapenga ndekhandekha pakati pa bwalo lachete, ndikumva mawu anga akubwerera kuchokera ku makoma a sukulu, osadziwa ngati zikukwana kapena ndionjezere. Ndinkangoyang'ana kabuku kaja ndi ngodya ya diso. Nditayamba kumasula lamba wa buluku, amayi ena anafuula chapansipansi kuti “Chiuta wane!”, ndipo wa suti uja anatseka cholembera chake.

“Mumangeni manja wamisala wanuyu,” anatero. “Ndipo njinga ya boma muziikhoma ndi loko.”

Achemwali anandimanga manja ndi chitenje chawo n'kundikoka. Alamu ankabwera pambuyo akukankha njinga yopindika foloko. Tinayenda msewu wonse uja osalankhula, nyimbo ija ikutiperekezanso nyumba ndi nyumba.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Misala ya pagulu siichira tsiku limodzi. Ndinakhala wodwala milungu itatu, ndipo pakabwera mlendo ndinkayenera kulankhula ndi mpando. Ku Misuku tinapitadi, kuopa kuti wina angafufuze, tinakwera mapiri aja kudutsa m'minda ya khofi, ndipo asing'anga anandicheka mphini zisanu ndi imodzi m'mbali mwa makutu (zilipo mpaka pano, ana anga ndinawauza kuti ndi za mutu waching'alang'ala). Ukalaliki uja anapatsa mnyamata wina wa ku Dowa. Alamu sanandikalipire ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mphini.

Tsiku lobwerera kwathu, ndikudikira lole, ndinaona a tcheyamani akubwera. Ndinayamba msanga kulankhula ndi sutukesi yanga. Anakhala pambali panga pa benchi, kuyang'ana kutsogolo ngati sakundidziwa.

“Leka, palibe akutiona,” anatero chapansipansi. “Unapenga makora, mwana wane, kweni unachedwa. Ndinakufunsa katatu. Kachinayi ndinalibe.”

“Pepani bambo. Koma mukanangondiuza.”

“Ndikuuze uli, munthu ali ndi buku pambali panga? Ukuganiza ankalemba mlamu wako yekha? Ankawerenganso mafunso anga.” Anaimirira, kukonza jekete. “Nane ndili ndi wana, asanu ndi awiri.”

Anapita osatsanzika, ndipo sindinawaonenso.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wofatsa, koma akazi anga akhoza kuwerenga izi. Ndimayankhabe ndisanamve funso. Chimodzi chokha ndicho chinakhazikika. Munthu wamkulu akandifunsa chinthu chomwechomwecho kachiwiri, ndimayamba ndatseka pakamwa n'kuyang'ana amene wakhala pambali pake.